Kutseka, kupumitsa kapena kukonza: kuyerekeza njira zosungira mphamvu m'nyumba zatsopano ndi zakale

Munthu akaika dzanja pa khoma la njerwa lomwe lawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, amamva kuti likadali lofunda ngakhale kunja kutada kale. Khomalo limakhala likubweza pang'onopang'ono kutentha komwe linamwa masana. Kumalo kumene usiku kumazizira, umenewu ndi mwayi waukulu, koma kumene usiku kumatenthanso ndi chizunzo, chifukwa ogona m'chipindamo amayatsa fani kapena makina oziziritsa mpweya mpaka mbandakucha. Njerwa ndi zomwezo, mmisiri ndi yemweyo, koma phindu la khomalo latembenuka chifukwa cha nyengo ya malowo. Aliyense woyerekeza njira zomangira mosunga mphamvu ayenera kuyambira pamenepa, chifukwa njira yomwe yachita bwino pamalo ena ikhoza kuvutitsa anthu pamalo ena, ndipo yomwe imathandiza nyumba yatsopano ikhoza kuwoletsa yakale.

Bungwe la International Energy Agency limawerengera kuti nyumba zimadya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu zonse zomwe anthu amagwiritsa ntchito padziko, ndipo gawo lalikulu limathera pa kufunditsa zipinda, kuziziziritsa, kutenthetsa madzi, kuphika ndi kuunikira. Palinso mphamvu ina yobisika yomwe nyumba imadya anthu asanalowemo n'komwe, yowotchera njerwa, yosungunulira zitsulo ndi yopangira simenti. Ntchito yopanga simenti payokha imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide womwe anthu amatulutsa. Womanga nyumba yatsopano amalipira mphamvu zonse ziwirizi, pamene wokonza yakale amapeza yobisikayo italipiridwa kale ndi amene anaimanga.

Pomanga nyumba yatsopano

Njira yoyamba ndi yotseka nyumba mothina n'kuikuta ndi zotchinga kutentha zochindikala, zomwe amisiri amazitcha insulation. Chitsanzo chodziwika ndi muyezo wa Passivhaus, womwe unachokera m'maganizo a Wolfgang Feist wa ku Germany ndi Bo Adamson wa ku Sweden. Nyumba zoyamba zinamangidwa ku Kranichstein mumzinda wa Darmstadt, ndipo anthu analowamo mu 1991. Muyezowu umafuna kuti kufunditsa nyumba kusadye mphamvu yoposa 15 kWh (mayunitsi monga a pa bilu ya magetsi) pa sikweya mita iliyonse pachaka, zomwe zimatheka ndi makoma ndi denga zokutidwa bwino, mawindo a magalasi atatu kumalo ozizira, komanso makina olowetsa mpweya wabwino omwe amalanda kutentha kosachepera 75 peresenti kuchokera ku mpweya wotuluka n'kukupereka kwa wolowa.

Chomwe ndimachilemekeza pa njira imeneyi n'chakuti siidalira malonjezo a womanga, chifukwa nyumbayo imayesedwa. Amisiri amatseka mawindo onse, n'kumangirira chifani chachikulu pakhomo m'chimango chotchingidwa ndi nsalu yosadutsa mpweya, kenako n'kuyamba kukoka mpweya wam'nyumba mpaka kusiyana kwa kupanikizika kwa mkati ndi kunja kufike pa ma pascal 50. Wina amayenda m'zipinda ndi kachida kotulutsa utsi, kukayandikizitsa pa soketi, m'mphepete mwa windo, pamene paipi yaboola khoma. Utsiwo ukapindika, ndiye kuti pamenepo pali mpata. Mpweya wodontha m'mipata yonse pamodzi usapose 0.6 ya mpweya wodzaza nyumbayo pa ola limodzi. Nyumba yolephera mayesowa siilandira satifiketi, kaya mapulani ake anali okongola chotani.

Kuvuta kwake kuli pomwepo. Njirayi imafuna amisiri osamala pa mfundo iliyonse, kuyambira pa maziko mpaka pa tsindwi, ndipo wolumikiza magetsi mmodzi woboola nsalu yotchinga mpweya osaimata akhoza kuwononga ntchito ya miyezi. Nyumba yotsekedwa chonchi imadaliranso fani yake usana ndi usiku, ndipo zosefera mpweya zikapanda kusinthidwa, mpweya wam'nyumba umaipa. Mawindo akuluakulu akapanda mthunzi, nyumbayo imasunga kutentha kwa dzuwa mokhulupirika monga momwe imasungira kwa mbaula, ndipo m'nyengo yotentha anthu amavutika. Njirayi imapindula kwambiri kumene chisanu chimakhala miyezi yambiri, ndiponso kumalo otentha ndi achinyezi kumene makina oziziritsa mpweya sangapewedwe, chifukwa kumeneko kutseka mipata kumachepetsa ntchito ya makinawo.

Njira yachiwiri imachita zosiyana: m'malo motseka, imalola nyumba kupuma, ndipo imadalira mthunzi, kuyenda kwa mphepo ndi kulemera kwa makoma. Si nzeru yatsopano. Nsanja zokola mphepo za mumzinda wa Yazd ku Iran zakhala zikuziziritsa nyumba za m'chipululu kwa zaka mazana ambiri. M'nthawi yathu, nyumba ya Eastgate ku Harare, yomwe anajambula Mick Pearce mothandizana ndi mainjiniya a kampani ya Arup n'kutsegulidwa mu 1996, inaonetsa kuti nzeru yomweyi ingagwire ntchito pa maofesi ndi masitolo akuluakulu. Pearce anatengera maganizo ake pa chulu cha chiswe. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira wakunja n'kuudutsitsa m'mphako za pansi pa konkire pa nsanjika iliyonse, kuti pofika m'mawa nyumbayo ikhale itazizira. Masana makoma ndi pansi zimamwa kutentha kwa anthu ndi makompyuta, ndipo mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga. Koma tisaiwale kuti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene usiku kumazizira ndithu. Kumanga Eastgate m'mbali mwa nyanja, kumene usiku umakhala wofunda ndi wachinyezi, kungakhale kutunga madzi ndi dengu, chifukwa sipangakhale kuzizira koti konkireyo isunge.

Sukulu ya pulayimale ya ku Gando m'dziko la Burkina Faso, yomwe Diébédo Francis Kéré anamaliza mu 2001, ndi chitsanzo chomwe chimandigwira mtima kwambiri chifukwa cha kuphweka kwake. Makoma ndi a njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zosindikizidwa osati zowotcha. Malata sanakhomedwe pamwamba pa mitu ya ana, koma anakwezedwa pa zitsulo, pamwamba pa siling'i ya njerwa yokhala ndi mipata, moti mphepo imadutsa pakati pa malata ndi siling'i n'kuchotsa kutentha kusanatsikire m'kalasi. Dengalo linatulukanso kwambiri m'mbali kuti makoma asawombedwe ndi dzuwa ndi mvula. Ntchitoyi inalandira mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan mu 2004, ndipo Kéré analandira mphoto ya Pritzker, yomwenso ndi ya zomangamanga, mu 2022. Zidina ndi mdindo zimagwira ntchito mofananamo, bola maziko akwere kuti madzi asanyambite khoma ndipo denga likhale lotambalala.

Nyumba yopuma ili ndi malire ake omwe okonda njirayi sakonda kuwatchula. Momwe mwalowera mphepo ndi momwenso mumalowera fumbi, utsi wa magalimoto, phokoso ndi udzudzu. Imafunanso anthu odziwa nthawi yotsegula ndi yotseka mawindo, ndipo siingalonjeze kutentha kosasinthasintha komwe chipinda cha opaleshoni kapena chosungiramo zolemba zakale chimafuna.

Njira yachitatu ndi yodalira makina ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo ndi imene imakopa anthu msanga chifukwa mapanelo a sola amaoneka ndi maso. Bullitt Center ya ku Seattle, nyumba ya nsanjika zisanu ndi imodzi yomwe inatsegulidwa mu 2013, ili ndi mapanelo 575 padenga ndipo imapanga magetsi ochuluka kuposa omwe imagwiritsa ntchito pachaka, ngakhale ili mumzinda wa mitambo yambiri. Izi zinatheka chifukwa omanga anayamba achepetsa kwambiri zosowa za nyumbayo, kenako n'kukulitsa denga mpaka linatulukira pamwamba pa njira ya oyenda pansi. Nsanja yagalasi ya nsanjika 40 siingachite zimenezi, chifukwa denga lake ndi laling'ono poyerekeza ndi zipinda zofunika kuziziritsa. Komanso makina amakalamba pakatha zaka 15 mpaka 25, pamene khoma loyang'ana kolakwika lidzayang'anabe komweko zaka 100.

Kwa ine, njira zitatuzi sizifanana kulemera. Zinthu zosafuna ndalama zambiri ziyambe: mbali zazitali za nyumba ziyang'ane kumpoto ndi kumwera, mawindo a kumadzulo akhale ochepa chifukwa dzuwa la madzulo limalowa chopendekera ndipo n'lovuta kulitchinga, khonde kapena zotchingira zikhale kunja kwa galasi osati mkati, ndipo denga likhale lowala ndi lokutidwa. Zikatero m'pamene womanga asankhe kutseka kapena kupumitsa malinga ndi nyengo, ndipo makina abwere pomaliza kudzamaliza ntchito yotsala.

Pokonza nyumba yakale

Funso loyamba limakhala loti kodi si bwino kungoigwetsa n'kumanga yatsopano yosunga mphamvu. Kafukufuku wa bungwe la National Trust for Historic Preservation la ku America wa 2011 anapeza kuti nyumba yatsopano yosunga mphamvu kuposa zinzake ndi 30 peresenti imatenga zaka 10 mpaka 80, malinga ndi mtundu wake ndi malo, kuti ibweze mpweya woipa womwe unatuluka poimanga. Ku Bordeaux m'dziko la France, Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal pamodzi ndi anzawo anakonza nyumba za Grand Parc za m'ma 1960, zokhala ndi mabanja 530, popanda kugwetsa chilichonse. Anawonjezera makonde otchingidwa ndi galasi kutsogolo kwa nyumba iliyonse, omwe amakola dzuwa m'nyengo yozizira ndi kupereka mthunzi m'nyengo yotentha, ndipo anthu sanasamutsidwe pa nthawi ya ntchitoyo. Ntchitoyi inalandira mphoto ya zomangamanga ya Mies van der Rohe mu 2019. Kugwetsa kumamveka pokhapokha maziko ndi zipilala zatheratu, ndipo pa nyumba ya mbiri si njira n'komwe.

Tisanayerekeze njira zotsalazo, tiyenera kumvetsa momwe khoma lakale limachitira ndi madzi, chifukwa apa m'pamene zolakwika zambiri zimachokera. Nyumba zamakono zimamangidwa kuti madzi asalowe m'khoma. Zakale za miyala, njerwa zofewa kapena dothi, zomangidwa ndi matope a laimu, zimalola khoma kunyowa pang'ono mvula ikagwa n'kuumanso mphepo ikawomba, ndipo chinyezi chimatulukira makamaka m'mizere ya matope, yomwe ndi yofewa kuposa njerwa. Wina akapala mizereyo n'kumatamo matope a simenti, njira yotulukira imatsekeka. Madzi amakakamizika kutulukira pa njerwa yeniyeniyo, mchere womwe amanyamula umauma pansi pa nkhope ya njerwa n'kuiswa. Pakapita zaka, munthu amapeza njerwa zitakumbika mkati, ufa wofiira utaunjikana m'munsi mwa khoma, mizere ya simenti yokha itatsala chotumphuka ngati zisa za njuchi. Ukakhudza ndi chala, njerwa imanyenyeka. Ku Stone Town ku Zanzibar, kumene nyumba zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu, osamala zakale akhala akulimbana ndi vuto lomweli la pulasitala wa simenti. Njira iliyonse yosungira mphamvu pa nyumba yakale iyenera kuyesedwa ndi funso limodzi ili: chinyezi chidzatulukira kuti?

Kukuta nyumba kunja ndi njira yamphamvu kwambiri pa nkhani ya kutentha, chifukwa khoma lonse limakhala mkati mwa chofunda, lofunda ndi louma, popanda malo oduka pamene siling'i kapena khoma lapakati lakumana ndi lakunja. Pa nyumba za konkire zopanda zokongoletsa, kapena kumbuyo kwa nyumba kosaoneka, n'kovuta kupeza njira yoiposa. Koma pa nyumba ya mbiri imakwirira nkhope yomwe ndiyo chifukwa chosungira nyumbayo, ndipo malamulo osamalira zakale m'mayiko ambiri saloleza. Zokutirazo ziyeneranso kukhala zosayaka. Moto wa Grenfell Tower ku London pa 14 June 2017, womwe unapha anthu 72, unafalikira msanga kudzera m'zokutira zakunja zoyaka zomwe zinaikidwa pokonzanso nyumbayo mu 2015 ndi 2016. Palibe mphamvu yosungidwa yomwe ingalipire imfa zimenezo.

Kukuta mkati kumasunga nkhope yakunja, n'chifukwa chake eni nyumba za mbiri amakuthamangira, koma ndi njira yomwe ndimaiopa kuposa zonse. Chofunda chikaikidwa mkati, khoma lakale limasiya kulandira kutentha kwa m'nyumba, limazizira, ndipo limauma mochedwa. Nthunzi ya m'bafa, ya kukhitchini ndi ya mpweya womwe anthu amapuma ikapeza mpata n'kufika kuseri kwa chofundacho, imasanduka madzi pa khoma lozizira, pamalo pomwe palibe amene akuona. Chuku chimamera, ndipo nsonga za mitanda yamatabwa zolowa m'khoma zimayamba kuwola mwakachetechete. Amisiri odziwa amapewa mapulasitiki otseka nthunzi pa makoma oterewa, n'kusankha matabwa opangidwa ndi ulusi wa mitengo, mabolodi a calcium silicate kapena pulasitala wa laimu wosakaniza ndi khungwa la mtengo lotchedwa cork, zomwe zimamwa chinyezi n'kuchibwezanso. Amaikanso zochepa thupi, kuvomereza kuti khomalo silidzafika pa muyezo wa nyumba yatsopano. Ngakhale a Passivhaus anavomereza zimenezi, ndipo mu 2010 anakhazikitsa muyezo wa EnerPHit wa nyumba zokonzedwanso, womwe kumalo ozizira pang'ono umalola 25 kWh pa sikweya mita pachaka m'malo mwa 15. Njirayi imadyanso malo a chipinda, ndipo pamene makoma amkati ali ndi zojambula kapena zosema, siiyenera kuganiziridwa.

Njira yomwe ndimaiika patsogolo pa nyumba yakale iliyonse ndi yosaoneka ulemerero: kukonza zowonongeka ndi kuwonjezera zinthu zochotseka. Khoma lonyowa limataya kutentha msanga kuposa louma, choncho kukonza ngalande za padenga, kuchotsa dothi lomwe launjikana m'mphepete mwa khoma ndi kubwezeretsa matope a laimu ndi ntchito yosunga mphamvu ngakhale siioneka choncho. Kenako pamabwera kuyala chofunda pamwamba pa siling'i, mosiya mpata woti mphepo izidutsa pansi pa denga, ndi kumata mipata ya zitseko ndi mawindo ndi timizere ta labala kapena ta ubweya. Mawindo akale a matabwa olimba sayenera kutayidwa. Kuika galasi lachiwiri mkati, pa chimango chakechake chomasuka ndi masikuluwu ochepa, kumachepetsa kutentha kotayikira pawindo ndi theka kapena kuposa, kumachepetsanso phokoso, ndipo windo lakale limatsala momwe linalili.

Ngakhale nyumba zikuluzikulu zayenda njira yomweyi. Empire State Building ya ku New York, yomwe inatsegulidwa mu 1931, inayamba kukonzedwa mu 2009 ndi cholinga chochepetsa mphamvu ndi 38 peresenti. M'malo mogula mawindo atsopano, amisiri anakhazikitsa malo ogwirira ntchito m'nyumba momwemo, n'kumachotsa mawindo onse 6,514 pang'onopang'ono, kuwatsuka, kuika kapepala kotchinga kutentha ndi mpweya wapadera pakati pa magalasi ake, n'kuwabwezeretsa. Mawindo atayamba kutchinga bwino, makina oziziritsa omwe analipo anangokonzedwa m'malo mogula akuluakulu atsopano. Izi zikugwirizana ndi mzimu wa Venice Charter ya 1964, mfundo za kasamalidwe ka nyumba za mbiri zomwe akatswiri a mayiko ambiri anagwirizana, yomwe inatsindika kulemekeza zipangizo zenizeni za nyumba yakale, ndiponso ndi chizolowezi cha osamala zakale chofuna kuti chowonjezedwa lero chithe kuchotsedwa mawa popanda kusiya bala.

Pali nyumba zina zomwe makoma ake sangakhudzidwe ngakhale pang'ono, monga matchalitchi akuluakulu a miyala, ndipo kwa zimenezi chotsala ndi kusintha gwero la mphamvu. Makina otchedwa heat pump amapereka kutentha kochuluka katatu kapena kanayi kuposa magetsi omwe adya, chifukwa amangosamutsa kutentha kuchokera mumpweya, m'nthaka kapena m'madzi. Ku Bath Abbey ku England, pansi pa tchalitchi panafunika kuzulidwa chifukwa panali kutitimira pamwamba pa manda akale, ndipo okonza anapezerapo mwayi woyala mapaipi ofunditsa pansi, omwe amatenga kutentha ku madzi a akasupe otentha oyenda m'ngalande ya m'nthawi ya Aroma. Tchalitchi cha Gloucester Cathedral, ku England komweko, chinaika mapanelo a sola 150 padenga mu 2016, pamalo obisika kwa munthu woima pansi. Reichstag, nyumba ya malamulo ya ku Berlin, yomangidwa mu 1894 n'kukonzedwanso ndi Norman Foster mpaka 1999, inapita patali: akalilole omwe ali pakati pa denga lake lozungulira amatsitsira kuwala kwa dzuwa m'chipinda cha aphungu, mpweya wotentha umatulukira pamwamba, ndipo kutentha kotsala kumasungidwa m'madzi a pansi panthaka, mamita pafupifupi 300 kutsika. Zitsanzo zimenezi n'zodula ndipo si nyumba iliyonse ili ndi kasupe wotentha pafupi, koma mfundo yogwirizanitsa ntchito ya mphamvu ndi kukonza komwe kunali kofunika kale ingatsatidwe ndi aliyense. M'nyumba zazitali zogwiritsidwa ntchito maola ochepa pa sabata, kufunditsa mipando yomwe anthu akhalapo kumaposa kufunditsa mpweya wonse mpaka kudenga, ndipo kumatetezanso matabwa ndi zojambula zakale ku kusinthasintha kwa chinyezi.

Kuti mwini nyumba yakale asankhe bwino pakati pa njira zimenezi, ayenera kuyamba waiyeza kwa chaka chathunthu. Tizida toyeza kutentha ndi chinyezi tiikidwe m'zipinda zingapo, m'denga ndi pafupi ndi khoma lomwe mvula imawomba kwambiri, mabilu a magetsi asungidwe mwezi ndi mwezi, ndipo wina azizungulira nyumbayo mvula ikugwa kuti aone kumene madzi akupita. Ntchito ikayamba, nyengo iganiziridwenso, chifukwa matope a laimu amauma mwa kumwa carbon dioxide mumpweya pang'onopang'ono, ndipo amafuna kuphimbidwa ndi ziguduli zonyowa kwa masiku angapo kuti dzuwa, mphepo kapena chisanu zisawang'ambe. Amisiri odziwa ntchito ya laimu ndi ochepa m'mayiko ambiri, choncho ndi bwino kumupeza mmisiriyo mapulani asanamalizidwe, n'kumupempha kuti ayambe wamata kachigawo kakang'ono ka khoma pamalo obisika, kaonedwe patapita milungu ingapo, ntchito yonse isanaperekedwe.